Petulo M'zigubu za Madzi

Mafuta atasowa kwa sabata yachitatu, bambo wina woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu anafika pakhomo atamangirira zigubu ziwiri zachikasu kumbuyo kwa njingayo. Anali atakhala pamzere tsiku lathunthu, maso ali psuu. Anaziika kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, pambali pa zigubu zina zitatu zofanana nazo, zimene banjalo linkasungiramo madzi.

Mkazi wake ananunkhiza, nakwinya nkhope.

"Abambo ake, petulo m'nyumba?"

"Ndimuike kuti? Panja akuba. Simunaone uthenga ukuzungulira pafoniwu? Akuti nkhondo ija yatseka njira ya sitima zapamadzi, miyezi itatu sitionanso dontho."

"Wanena ndani?"

"Aliyense akunena."

"Aliyenseyo ofesi yake ili kuti?"

"Amayi ake, njinga ikaima, mphika nawo uima. Ndisiyeni."

Mkaziyo sanapitirize. Ankadziwa kuti mwamuna wake sakulankhula mwamwano, koma mwamantha. Sopo anali atakwera, shuga atakwera, magetsi ankazima mbandakucha n'kubwera masana. Analinga zoti akapeza mpata amange nsanza yofiira pazigubu za petulozo, koma ntchito inamuchulukira, ndipo anaiwala.

M'nyumbamo munkakhalanso amayi ake a bamboyo. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo sabata imeneyo chimfine chinali chitawatseka mphuno. Komabe sankalola kuti wina awaphikire tiyi. Ankati tsiku limene adzaleke kudziwiritsira madzi, tsiku lomwelo muwagulire bokosi.

M'mawa mwake bamboyo atapita kukanyamula anthu, mkaziyo anali kuseri akuyanika zovala. Fungo linamupeza komweko. Anaponya chovala pansi, nazungulira nyumba mofulumira.

Pakhonde mbaula inali itayaka bwino. M'khitchini, masitepe anayi okha kuchoka pamotowo, apongozi ake anali chiimire, ketulo ili m'manja. Chigubu chinali chitagwa cham'mbali, petulo akuyenderera pasimenti kulowera kukhomo. Chitenje chawo chinali chitanyowa m'munsi monse.

Mkaziyo anafuna kukuwa, koma anadziwa kuti akawadzidzimutsa athamangira kukhomo, kumene kunali moto.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "imani pomwepo. Musasunthe."

"Ndangotaya timadzi, mwanawe. Ndikolopa ndekha."

"Si madzi, amayi. Ikani ketuloyo pansi pang'onopang'ono."

Kuseri kwa mpanda kunkakhala mkulu wina amene anapuma pantchito yozimitsa moto, ndipo anthu ankangomutchula kuti a Ozimitsa. Fungolo linali litawafikanso. Analowa pachipata osagogoda, naona zonse kamodzi. Ananyamula mbaula ija ndi zigwiriro zake, nakaiika kutali kumsewu, naikwirira ndi dothi.

"Atulutseni agogo," anatero. "Akavule zovalazo kuseri, asambe ndi sopo. Musakhudze switchi iliyonse. Chitofu chamagetsi munazimitsa?"

Mkaziyo anaima mutu. Magetsi atazima mbandakucha, chitofucho chinatsala chili choyatsa, ndipo nthawi yoti abwere inali itayandikira. A Ozimitsa sanadikire yankho. Anapita pakhoma lapanja pamene panali mita, natsitsa switchi yaikulu. Kenaka anatsegula mazenera onse ali kunja.

Mkaziyo anabwera ndi ndowa ya madzi kuti atsuke pansi, koma mkuluyo anamugwira mkono.

"Ayi. Petulo amayandama pamadzi, mungomufalitsa nyumba yonse. Bweretsani mchenga."

Anathira mchenga mpaka simenti yonse itabisika, nauwola ndi chikatoni, nakautaya kutali ndi nyumba. Ali mkati mogwira ntchitoyo, wailesi ya nyumba yoyandikana nayo inayamba kulankhula yokha. Magetsi anali atabwera. Awiriwo anayang'anana.

Bamboyo anafika ataitanidwa pafoni. Anapeza amayi ake atakhala pamthunzi atafunda bulangeti.

"Mwananga," anatero agogowo, "ukanandiuza kuti masiku ano tiyi tikuphikira mafuta a njinga."

Palibe anaseka. Bamboyo anakhala pansi, nagwira mutu.

"Achikulire, ndinkafuna kuti ana asagone ndi njala."

"Ndikudziwa," anatero a Ozimitsa. "Pantchito yanga sindinapezepo munthu amene anasunga petulo m'nyumba chifukwa chodana ndi banja lake. Onse ankaliganizira. Koma dziwani ichi: choopsa si madzi mukuwaonawo, ndi mpweya wake. Umakwawa pansi, osaoneka, mpaka ukapeze khala limodzi."

"Nanga nkhondoyi? Mafuta akatheratu?"

"Nkhondo ilipodi, ndipo ikutipweteka ngakhale ili kutali. Maiko ngati lathu amagula mafuta kunja ndi ndalama zakunja. Kumeneko mtengo ukakwera, zonse zoyenda pagalimoto zimakwera, kuyambira feteleza mpaka sopo. Sindikunamizani kuti zitha mawa. Koma taonani zimene timachita tokha. Galimoto ya mafuta ikafika, anthu khumi oyamba amadzaza zigubu, enawo amabwerera opanda kanthu, n'kukauza anzawo kuti mafuta atheratu. Mawa lake mzere umawirikiza. Theka la mzere umene munakhalapo uja ndi la nkhondo, theka linalo ndi la mantha athu."

"Ndiye nditani, ndingokhala?"

"Petulo malo ake ndi m'thanki. Dzazani njinga yanu, wotsalayo mugawane ndi anzanu apasiteji lero lomwe. Mukadzakakamizika kusunga, akhale wochepa, m'chigubu chachitsulo chopangidwira mafuta, cholembedwa, kunja kwa nyumba, kutali ndi moto ndi ana. Ndipo nkhani ya mafuta muziimva kwa oyang'anira mafuta, osati kwa uthenga wopanda mwini."

Mkazi wake anawonjezera, maso ali pansi: "Inenso ndinalakwa. Ndinaona, ndinaopa mkangano, ndinakhala chete."

Masana omwewo bamboyo anatengera chigubu chotsalacho kusiteji. Atafotokoza zimene zinachitika, anzake atatu anaulula kuti nawonso anali ndi zigubu pansi pa bedi. Anagwirizana kuti tsiku lililonse awiri okha aziyang'anira kumene mafuta afika n'kuimbira anzawo, pamene ena akugwira ntchito. Anagwirizananso zoleka kuzungulira m'misewu opanda wokwera, n'kumadikira anthu pamalo amodzi.

Mitengo sinatsike mwezi umenewo, ndipo mizere sinathe. Koma njinga ya bamboyo sinagonepo tsiku lathunthu chifukwa chosowa mafuta, ndipo pasiteji yonseyo panalibenso wogona ndi petulo m'chipinda.

Nkhondo yakutali, kukwera kwa mitengo ndi kuzima kwa magetsi sitingaziletse ndi manja athu. Chimene chili m'manja mwathu ndi ichi: tisasunge petulo m'nyumba, tisathire mafuta m'ziwiya za madzi, tisagule mothamangitsidwa ndi mphekesera, ndipo tikaona choopsa pakhomo, tinene msanga. Mafuta akasowa amadzabweranso. Munthu sabwerera.