Khomo Lobiriwira Kuseri kwa Laibulale

Mwana wanga wamkazi anavomera Lachiwiri m'mawa, atakhala pakhomo la bafa, nkhope itatupa.

"Amayi, mukawapeza anthu othandizana kusiya mowawo, ndipita."

Ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Amaluka tsitsi pa saluni, ndipo manja ake anali atayamba kunjenjemera mpaka makasitomala kumamufunsa ngati akumva kuzizira. Ine mwanayu ndimamudziwa, kuvomera kwake sikugona masiku ambiri. Loweruka masana anzake amadzamudikira panja pa saluni, ndipo akangokwera nawo galimoto ndiye kuti tayambiranso. Ndinayenera kuwapeza anthuwo Loweruka lisanafike, basi.

Ndimachapa ndi kusita nsalu za pabedi pa hotela, ndipo ndimapuma ola limodzi masana. Ola la Lachiwiri linathera kuchipatala. Namwino anandipatsa kapepala ka nambala ya foni. Nditaimba anayankha munthu wogulitsa matayala. Lachitatu ndinapita kutchalitchi china kumene ndinamva kuti gululo limakumana. Mayi wosesa anati anthuwo anasamuka chaka chatha, kwaya itawalanda chipinda.

"Kafunseni kulaibulale. Makapu awo ndinathandiza kunyamula ndine."

Mlonda wa kulaibulale sanavute.

"Aja a tiyi? Lachinayi faifi koloko, Loweruka thuu koloko. Khomo la kuseri, lobiriwira. Musafune chikwangwani, palibe."

Lachinayi ndinapempha kuweruka msanga, ndinakamutenga ku saluni, n'kumugwira pamkono njira yonse. M'chikwama ndinali ndi chiphaso chake, buku lake la kuchipatala ndi cholembera. Mwanayu ndakhala ndikumulankhulira kuyambira ali wamng'ono: kwa ahedi, kwa mwini nyumba, kwa mwini saluni kawiri. Kachitidwe kake ndimakadziwa. Kholo umalowa patsogolo, umapereka moni, umafotokoza mlandu wonse mwana ali zyoli pambali, kenako umapepesa. Sizinandikanikepo.

M'chipindamo munali mipando ya pulasitiki yoikidwa mozungulira, ketulo patebulo, ndi milu ya manyuzipepala akale m'mbali mwa khoma. Anthu analipo asanu ndi anayi. Sindinadikire kuti andipatse mpando.

"Mwaswera bwanji nonse. Ine ndine mayi wake wa uyu, ndabwera kudzamulembetsa. Mowa anayamba atangomaliza sukulu. Chaka chatha anagwa pamasitepe, mwezi wathawu anawotcha kasitomala pakhutu..."

Bambo wina wa imvi, amene anzake ankangomuti Dalaivala, anakweza dzanja.

"Pepani mayi. Inuyo munamwa liti komaliza?"

"Ine? Chibadwire sindinalawepo."

"Ndiye mwasochera. Muno ndi mwa akatswiri okhaokha."

Onse anaseka. Ine sindinaseke. Ndinatulutsa chiphaso chija n'kuchiika pafupi ndi ketulo.

"Bambo, ndaima pa simbi kuyambira sikisi koloko, nthabwala sindikuzifuna. Kaundula wanu ali kuti?"

"Tilibe," anayankha mayi wina wojintcha, tepi ya utelala ili m'khosi. "Mayina sitilemba. Ndipo muno aliyense amanena za iye mwini. Mukamunenera inu, iye azingomvetsera ngati ndi nkhani ya pawailesi. Ine amayi anga anandinenera zaka khumi, ine ndikumwa bwinobwino."

"Uyu satha kulankhula pagulu."

"Akhale chete, palibe womukakamiza. Dalaivalayu anakhala duu miyezi iwiri. Lero timachita kumupempha kuti apumeko."

"Nsanje," anatero Dalaivala.

Ndinatembenuka kuti ndimuuze mwanayo tizipita, tikafune kwina kumene amadziwa ntchito. Ndinamupeza atakhala kale pampando, manja atawapanira pakati pa mawondo.

"Amayi, tulukani."

"Ukuti chiyani iwe?"

"Tulukani, amayi. Mukakhala muno ndinama."

Ndinatola chiphaso chija n'kutuluka. Panja mlonda anandisunthira benchi osafunsa kanthu. Ndinavula nsapato chifukwa mapazi anali atatupa. Kudzera pawindo ndinkamva mawu koma osati nkhani yake. Panali mawu a bambo, kenako kuseka. Pambuyo pake ndinamva mawu amene ndimawadziwa, otsika, odukaduka. Ndinafuna kuyandikira windolo. Mlonda anatsokomola, ine n'kukhala pansi.

Anatuluka patatha ola ndi theka, maso ali psuu, telala uja ali pambali pake.

"Wawauza chiyani?"

"Za m'katimo zimatsala momwemo, amayi."

"Ngakhale kwa ine?"

"Makamaka kwa inu," anatero telala. "Loweruka ndikamutenga ndine pa saluni wani koloko, anzakewo asanafike. Inu musabwere."

"Nanga akakakana?"

"Ndikakhala pampando wake mpaka avomere. Ndine wolemera, sangandinyamule. Komanso tsitsi langali likufunika kuluka."

Loweruka sindinapemphe kuweruka msanga. Ndinali pa simbi, foni ili m'thumba la epuloni, ndipo sindinaitulutse ngakhale kamodzi mpaka inalira yokha hafu pasiti wani. Unali uthenga wa mwana wanga: "Tili m'basi. Telalayu amalongolola kuposa inu."

Ndinapukuta manja, n'kumuyankha kuti pobwera agule sopo.