Kampata m'Dzina la Foda

Pofika nthawi ya tiyi, mayi wa pa desiki ya pawindo anali atayesa kasanu ndi kawiri. Pulogalamu imene ankamanga inkadalira tizidutswa ta mapulogalamu a anthu ena, koma akati atiike, chida chomangira chinkayenda pang'ono n'kulavula mizere yofiira yodzaza sikirini. Anafufuta zonse, anakoperanso, anazimitsa laputopu n'kuiyatsa. Mizere ija inangobweranso ngati waiitana.

Anali atagwira zaka zisanu ndi zinayi pakampanipo, ndipo aliyense ankamutcha Dokotala chifukwa makompyuta odwala ankachirira pa desiki yake. Koma chiyambireni ntchito mng'ono wake, yemwe iye mwini anamuphunzitsa kugwira kiyibodi patebulo lodyera kunyumba, anthu ankangodutsa pawindo paja osaima. Ngakhale nthawi imeneyo, awiri anali atawerama pa desiki ya mng'onoyo, akuseka.

Mng'ono wakeyo anabwera ndi makapu awiri, n'kusuzumira pa sikirini.

"Achemwali, ndione nawo?"

"Kaone zako. Anthu ako akukudikira."

"Mwawerenga mzere woyamba? Ofiira enawo amangotsatira."

"Ndinayamba kuwerenga mizere iwe ukuyamwa chala."

Mng'onoyo anasiya kapu n'kubwerera. Dokotala anadikira kuti akhale kaye pansi, kenako anabweza mizere ija mpaka pamwamba, mumtima akupempha kuti asapezepo kanthu. Koma kanalipo. Chida chija chinkadula njira yopita ku fayilo pakati, chifukwa dzina la foda linali ndi mpata: anali atalemba kuti "ntchito yatsopano". Anachotsa kampatako n'kuyesanso. Tizidutswa tonse tinalowa bwinobwino, kumapeto kukuwala mzere umodzi wobiriwira. Anauyang'ana ngati wamutukwana.

Masana bwana wawo anatulukira.

"Zatheka?"

"Zatheka, bwana."

"Ndimadziwa ine. Dokotala ndi Dokotala basi," anatero bwanayo mokweza, ofesi yonse ikumva.

Dokotala anaponya diso kwa mng'ono wake, kudikira kuti atsokomoleko kapena anene kanthu. Uyo anangomwetulira, kukweza chala chachikulu, n'kupitiriza kulemba zake. Apo mpamene panamupweteka kwambiri. Chimene chinamudyera m'mawa wonse chinali chaching'ono kwa mng'onoyo moti sanaone n'chifukwa chochitchulira.

Poweruka anakwera galimoto imodzi monga mwa masiku onse, Dokotala ali pachiwongolero. Ali pamzere wa magalimoto, amayi awo anaimba foni, mng'onoyo n'kuikweza mawu kuti amve onse.

"Mng'ono wakoyu zikumuyendera bwanji kuntchitoko?" anafunsa amayi.

"Akuyesetsa," anayankha Dokotala, maso ali kutsogolo. "Koma adakali ndi zambiri zoti aphunzire."

"Zoona, amayi," anatero mng'onoyo akuseka, mopanda ndi chakukhosi chomwe. "Achemwali sandinyengerera."

Dokotala analizira hutala galimoto ya kutsogolo, ngakhale kuti nayonso inalibe kolowera.