Tchaja ya Apongozi

Zubairu njinga yake yamoto anaikongoletsa ngati mkwatibwi. Tinyali tobiriwira kunsi, kawailesi pa handulo, ndiponso kabowo kotchajira foni. Zonsezi anagula ku Balaka n'kulumikiza yekha, waya aliyense molunjika ku batire. Anzake a kabaza kwa Kawinga ankangomuseka kuti, "Iwe, imeneyi ndi njinga kapena golosale?"

Tchajayo inkagwira ntchito ngakhale kiyi ali m'thumba, ndipo woyamba kutulukira zimenezi anali apongozi ake a Zaina, mayi a mkazi wake Amira. Zubairu akangoimika njinga kuti apite ku mzikiti, iwo ankabayapo foni yawo. Posakhalitsa anzawo onse a m'mudzimo anadziwa kuti kwa a Zaina kuli magetsi. M'mawa Zubairu akadina sitata, njinga inkangoti kete kete, basi zii. Kiki yolizira ndi phazi idathyoka kalekale, ndiye ankaikankha mumchenga mpaka kumsewu, thukuta lili kamukamu.

Kukankhako sikunkamuopsa. Chinkamuopsa n'choti Amira anali woyembekezera, mwezi wake utayandikira, ndipo chipatala chili kutali. Nanga matenda atayamba batire itafa?

Koma auza bwanji apongozi? Iye anali mkamwini pamudzipo, ndipo akakumana nawo panjira mmodzi ankapatukira kutchire. Anapempha Amira kuti akawalankhule.

"Iyayi," anatero Amira. "Aziti mwamuna wanga akuwamana moto. Inu amayi simukuwadziwa."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina atatula kasitomala ku Balaka, Zubairu anadutsira kwa makanika wina dzina lake Esau. Esau atatsegula pansi pa chishalo anagwira pakamwa.

"Achimwene, batire iyi mukuikama ngati ng'ombe yosadya. Tinyaliti tichoke. Tchaja ndi wailesi ndizidutsitsa pa kiyi, ndiikepo ndi fyuzi. Zizigwira injini ikamalira basi."

Madzulo ake a Zaina anabaya foni, osayaka. Anazula, kupukuta ndi chitenje, kubayanso. Kenako mawu awo anamveka kuseri kwa mpanda, akulankhula ndi mwana wawo koma mokweza kuti wina amve: "Akamwini a masiku ano! Munthu umupatse munda, iye akubisire moto."

Zubairu zinamupweteka kwambiri. Anatuma Amira kukatenga foniyo kuti aziitchaja ali paulendo, koma a Zaina anakana. Ngakhale ndiwo zimene ankatumiza kunyumba kwa Amira zinasiya kubwera.

Matenda anayamba Lachitatu m'mawa, mvula itangokata, bwalo lonse lili matope okhaokha. Amira anatuluka atagwira m'chiuno, mayi ake atamuchirikiza. Atamukweza panjinga, a Zaina sanadikire kuuzidwa. Iwo ankamuona mkamwini wawo akukankha njingayi m'mawa uliwonse, ndiye anavula masilipasi, kumanga chitenje molimba, n'kugwira kumbuyo kwa njinga manja awiri, akunong'ona pemphero la duwa. Mayi wamkulu ngati ameneyo, wokonzeka kukankha m'matope mpaka kumsewu.

Zubairu anapotokola kiyi. "Bisimila," anatero, n'kudina.

Njinga inalira nthawi yomweyo.

A Zaina anatsala atagwirabe chitsulo chija. Anayang'ana injini, kenako kabowo ka tchaja kamene tsopano kanali katayaka kanyali kake kofiira. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, anamuyang'ana Zubairu kumaso.

"Ndiye ankaipha njingayi ndine, bambo?"

Zubairu anaweramitsa mutu, n'kusendera kutsogolo kuti pachishalo papezeke malo.

"Kwerani amayi, mundigwire," anatero Amira akubuula.

A Zaina anakwera osavala n'komwe masilipasi aja, n'kumukumbatira mwana wawo kumbuyo.

"Tiyeni mwanangu," anauza Zubairu. "Koma pang'onopang'ono pamatopepa, mwanyamula anthu atatu."