Mawa la Lachisanu

Sanal anali atakweza kale nsapato m'mwamba pamene mkazi wake Kermen anamugwira mkono.

"Musaphe!"

Kachilombo kotuwa, kosaposa chikhadabo, kanali katatera pa chikhoto cha malemu bambo ake a Sanal, chomwe chinali chikadali pa msomali. Nkhalambayo anali ataiika m'manda dzana.

"Njenjete iyi," anatero Sanal. "Ubweya wa nkhosa tameta uja utha wonse. Zikuchokera m'mabokosi awawa. Delgir, tulutsa onse tiwotche."

Delgir, mlongo wake, sanadikire kuuzidwa kawiri. Mabokosi agalasi a bambo awo aja, odzaza timagulugufe tausiku tobayidwa ndi singano, ankamunyansa kuyambira ali mwana.

"Malemu ali pa ulendo wawo womaliza, azisenzanso tchimo la timiyoyo tonseti?" anatero akuchotsa loyamba pakhoma. "Zipse basi."

"Zakufa sizibereka, alamu," anatero Kermen. "Ndipo iyi si njenjete. Taonani kamzere koyera kuphikoko, ndi kamphuno kotukula ngati ka ngamila. Mbozi yake imadya chitsamba chamchere cha kumchenga kuja. Ubweya siiudziwa n'komwe."

"Eee, aphunzitsi alankhula!" anatero Delgir. "Ngati si njenjete ndi chiyani? Tchulani timve."

Kermen anayang'ana pansi. Akatswiri a kumzinda anakatcha kachilomboka dzina la amene anakapeza, Bembya, apongozi akewo. Kwathu ku Kalimikiya mtengwa satchula dzina la apongozi ake, ali moyo ngakhale atapita. Ndipo poti Bembya amatanthauza Loweruka m'chinenero chathu, nalo tsikulo Kermen ankalizungulira ngati dzenje.

"Tchulanitu," anatero Delgir. "Moto sudikira."

"Ndi Mawa la Lachisanu," anayankha motsitsa mawu.

Delgir anaseka mpaka bokosi linagwedera m'manja. "Achimwene, mwamva? Chilombo chili ndi kalendala!"

Sanal sanaseke. Dzinalo sikanali koyamba kulimva. Bambo ake, munthu amene kale ankaimitsa aliyense panjira kumuuza kuti dzina lake limauluka, analeka kulitchula chaka chomwe Kermen analowa pakhomopo. Ankangomuitana Kermen kuchokera kuseri kwa khola kuti, "Mwananga, bwera ndi maso akowo, Mawa la Lachisanu watuluka!" Sanal ankayesa ukalamba.

Anaika nsapato pansi.

"Bwezera bokosilo, Delgir."

"Nanga ubweya?"

"Ubweya tiwanika padzuwa. Bwezera."

Delgir anatsonya, koma anakoleka, ngakhale mopendekeka.

"Ndiye Mawa la Lachisanuyu timutulutsa bwanji?" anafunsa Sanal.

Kermen anatenga kambale kamtengo kamene malemu ankamwera tiyi, n'kukavundikira pachikhotopo mofatsa. Anamuonetsa mwamuna wake poika chikhato kunsi.

"Musafinye. Iwo ankati fumbi la kumapiko likatsala m'manja, wamuvula mnzako."

Sanal anatuluka akuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mkaka wodzaza, kulunjika kumchenga.