Jombo za m'galaja ya Fergus

Marnie ankayala mabedi m'hotela ina m'tauni ya Jindabyne, koma phiri ankangolionera pawindo. Chaka chimenecho anatsimikiza mtima kuti nayenso akatsetsereke pachipale chofewa cha paphiripo. Thabwa lotsetserekera anamupatsa ndi mchimwene wake. Zinatsala jombo, ndipo mitengo ya m'sitolo inamubweza ali pakhomo pomwe.

Mnzake wa kuntchito anamulozera kwa Fergus, bambo wogulitsa zakaunjika m'galaja yake. Chitseko chitangotseguka, fungo la thukuta lakalekale ndi la galu wonyowa linamuwomba Marnie kumaso. Majekete anali mulu pansi, galuyo atagona pamwamba pake akudzikanda. Fergus anafukula muluwo n'kutulutsa jombo zakuda, uku akutafuna soseji, mafuta akuyenderera m'zala.

"Tayesa izi, mwanawe. Mwini wake anangovala kawiri."

Marnie analowetsa phazi. M'katimo munali chinyontho, ndipo kanthu kena kanamubaya chala. Atakutumula jomboyo, panagwa chikhadabo chachikasu, chathunthu, ndi pulasitala wakuda womata ubweya.

"Mwati kawiri?"

"Kaya, mwina zaka ziwiri," anatero Fergus, akukankhira chikhadabocho kunsi kwa shelefu ndi phazi.

Chomupweteka mtima n'chakuti jombozo zinamukwana bwinobwino. Fergus anatsitsa mtengo, ndipo Marnie analipira atagwira mphuno.

Kunyumba anazichapa ndi viniga ndi soda, koma fungo linangochita ngati walidzutsa. Wina anamuuza kuti kuzizira kumapha fungo, choncho anazikulunga m'jumbo n'kuziika mufiriji. Priya, mtsikana amene ankakhala naye nyumba, anazipeza zitatsamira nyama yake ya nkhosa. Sanakalipe. Anangotaya nyamayo n'kuyamba kudyera kunja.

Loweruka Marnie anavala masokosi ophatikiza n'kukwera phiri. Anagwa mpaka matako kuchita dzanzi, koma chakumasana anatsetsereka mpaka kumunsi osagwa, akuseka yekha.

Pobwerera anakwera basi yodzaza, ndipo dalaivala anayatsa chotenthetsera. Mapazi atayamba kufunda, fungo lija linakwera. Mayi amene anakhala pambali pake ananunkhiza m'mwamba, anasuzumira thewera la mwana wake, kenako anatembenukira kwa Marnie pang'onopang'ono.

Marnie anatsika basi isanafike m'tauni. Anayenda wapansi mumphepo yozizira, thabwa lili paphewa.