Makutu a Yoswa

Fakitale ya nsalu ya ku Chegutu itachotsa anthu, Yoswa anatuluka pageti ndi ovolosi yakale ndi makutu akufa. Ovolosiyo anaipachika pamsomali kuseri kwa chitseko, koma za makutuzo ankakana kwamtuwagalu. Makina oluka nsalu anali atamusokosa kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Msewu wonse unkadziwa kuti a Yoswa uzilankhula nawo ukuwayang'ana kumaso, ndipo ndi iye yekha amene ankayesa kuti ndi chinsinsi. Kutchalitchi ankatsala m'mbuyo pa nyimbo, nkumayang'ana anzake ndi diso loipa ngati akuthamanga ndi iwowo. Mkazi wake Malita anangosunga pakamwa, poti munthu wangolandidwa kumene ntchito sumuuzanso kuti ndi gonthi.

Zinali zaka zija mapulazi atagawidwa, thonje litasowa, m'masitolo muli mbee. Minda yogawidwayo inawadutsa pamphuno, chifukwa makolo awo anachokera ku Malawi ndipo chitupa chinkati ndi obwera. Mwana wawo Vimbai anali atawolokera ku Joni. Pakhomo pankayenda ndi katebulo ka Malita ka tomato ndi masamba, ndipo mayiyo anali atatopa mpaka m'mafupa.

Tsiku lina akudya, Yoswa ananena ndi mawu okweza aja a anthu osamva: "Amake Vimbai, mwezi uno ukatha ndisanapeze kanthu, ndikupita ku Eiffel Flats. Ndikakumba golide ndi makorokoza, aja okumba mozemba boma."

Malita anabweza mbamu m'mbale. M'migodi yakale ija munthu amapulumuka ndi makutu. Nthaka isanagumuke imayamba yalira kaye, wina nkukuwa, onse nkuthawa. Anzake adzathawa, Yoswa adzatsala akukumba. Ankadziwanso kuti mwamuna wake akanena chinthu sabwerera m'mbuyo, ndipo mantha anamugwira.

Ndiye uthenga wa Blessmore utafika, Malita anauona ngati yankho la pemphero. Blessmore anali mwana wa mnzake wa Yoswa wa kufakitale, ndipo ankamanga madishi a wailesi yakanema ku Kadoma. Anthu shuga analibe, koma dishi ankaifuna, poti anatopa ndi kuonera nkhani zomwezomwezo madzulo aliwonse. Mnyamatayo ankafuna munthu wodziwa sipanala, ayesedwe kaye tsiku limodzi. Yoswa anazungulira msewu wonse akulengeza kuti wapeza ntchito ya zam'mlengalenga, kuti tsopano azigwira mawu ochokera ku masetilaiti. Mawu a kumwamba, munthu wake wosamva ndi tambala wa pakhomo yemwe!

Tsikulo litakwana Malita anaphimba katebulo kake, namanga nsalu.

"Nanga inu mukupita kuti?" anafunsa Yoswa.

"Kukaona wodwala wa kumpingo ku Rimuka, ku Kadoma komweko," anatero Malita. Wodwalayo panalibe, Mulungu amukhululukire.

Makombi, timabasi tija, analibe mafuta. Anaima pamsewu mpaka miyendo kuwawa, kenako nkukwera pa lole yopanda katundu. Ku Rimuka anapeza Blessmore akudikira pa nyumba ya kasitomala, mayi wina wolusa dzina lake Mai Nyasha. Malita anati angopumako kaye pageti, ndipo palibe anamulabadira. Magetsi kunalibe, choncho amuna awiriwo anakwera padenga nkumanga dishi ija. Apa Yoswa anali pakwawo. Manja ake ankadziwa chitsulo, ndipo Malita anayamba kupuma bwino.

Masana magetsi anabwera. Blessmore, yemwe Chichewa ankachimva koma nkumayankha mosakaniza ndi chakwawo, anaima pamaso pa Yoswa.

"Mudhara, imi mutsale padenga. Ini ndilowa mukati kuona chithunzi. Ndikakuwa kuti kumanja, muzitembenuza zvishoma zvishoma, pang'onopang'ono. Ndikati mirai, muime nkumanga pomwepo. Tifulumire, magetsi aya haana chivimbo, athima nthawi iliyonse."

Yoswa anagwedeza mutu ngati ndi nkhani yaing'ono. Mtima wa Malita unagwa. Palibe anali atamuuza kuti ntchito yonseyi imayendera kukuwa.

Blessmore analowa m'nyumba nayamba kukuwa. Yoswa ankatembenuza dishi mwa mphwayi zake, maso ali kumwamba, nkhope ili ngati ya munthu akumvetsera. Chithunzi chinabwera, m'nyumba munamveka kuti "Mirai!", koma iye anangopitiriza, chithunzi nkuthawa. Anabwerezanso, zomwezo.

"Mirai kani, mudhara! Mirai!"

Anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda, ena akuseka. Mai Nyasha anatuluka manja ali m'chiuno, akunena kuti magetsi akathima asanaone kanthu, dishiyo aitsitse apite nayo. Mawu a Blessmore anali atayamba kusasa, ndipo munali mkwiyo. Malita anaona ntchito ikutha iye akuyang'ana, ndipo kuseri kwa ntchitoyo ankaona dzenje.

Anadzuka. Anakaima pakati pa bwalo, pamene ankatha kumva zenera ndi kuona denga, navula duku nkuligwedeza mpaka Yoswa anayang'ana pansi. Kenako anakweza manja.

Malita nayenso analukapo nsalu m'fakitale ija Vimbai asanabadwe. M'holo ya makina munalibe womva mnzake, ndiye anthu ankalankhula ndi manja. Kugogoda phewa kunali kuti sunthira uku, kutsina chala kuti pang'ono, chibakera kuti ima. Ngakhale kumufunsira, Yoswa anamufunsira ndi manja omwewo, ataima kutsidya kwa makina. Zaka zonsezi Malita sanawagwiritsepo ntchito pakhomo, chifukwa kutero kukanakhala kumuuza zomwe sankafuna kuvomera.

Yoswa anamuyang'ana nthawi yaitali. Malita anaona manyazi akukwera pankhope ya mwamuna wake, ndipo anaopa kuti atsika nkuchoka osatsanzika. M'nyumba munamveka kuti kumanzere. Malita anagogoda phewa lamanzere, natsina chala. Dishi inasuntha. Anatsinanso, inasunthanso. Blessmore atakuwa kuti mirai, Malita anaponya chibakera m'mwamba, ndipo Yoswa anaima pomwepo nkumanga. M'nyumba munabuka nyimbo ya ku Joni.

Blessmore anatuluka akupukuta thukuta, napeza mayi wa duku m'manja akulankhula ndi denga. Anayang'ana kumwamba, nayang'ananso pansi.

"Ko, mudhara havanzwi here?" anafunsa, anthu onse akumva.

Malita akanatha kunama, koma anali atatopa nako. "Samva, mwanawe," anatero. "Makina anawadya makutu. Koma manja awo wawaona wekha, ndipo makutu ine ndili nawo."

Kanali koyamba kunena mawu amenewa pakamwa. Atatembenuka anapeza Yoswa ali pamakwerero, maso ali pa milomo yake. Anali atawerenga zonse.

Blessmore anakanda m'mutu. Anakwera kukagwedeza dishi, koma sinasunthe. Atatsika anati: "Horaiti. Lolemba mubwere nonse. Asi mari yolipira ndi ya munthu mmodzi, amai, musadzati sindinanene."

Malita anathokoza. Chimwemwe anachifunafuna mumtima koma sanachipeze, munali kutopa kokhakokha. Katebulo kake kanali koti akasiyire ena, ndipo kuima padzuwa m'mabwalo a eni kunali kutamupeza ku ukalamba.

Pobwerera anakwera lole ina ya matumba a makala. Yoswa anakhala chofulatira, akuyang'ana mapulazi amene tsopano munamera tsekera. Munthu womva ndi maso akakufulatira ndiye kuti wakutsekera chitseko. Malita anamusiya. Akwiye, bola akwiyire pamtunda.

Nsanja za fakitale zitayamba kuonekera, Yoswa anafunsa osacheuka: "Munadziwa liti?"

Malita anayankha, koma anayankha nkhongo. Anamugwira paphewa namutembenuza.

"Kalekale, bambo a Vimbai. Chaka chija munasiya kundiyankha ndikamalongolola. Poyamba ndinkayesa mwaphunzira ulemu."

Yoswa sanaseke. "Ndiye munangondisiya ndizipusa pamaso pa anthu?"

"Ndinkadikira munene nokha. Ndikanadikirabe, koma osati mpaka ku Eiffel Flats. Kumene kuja nthaka ikalira simukanaimva."

Yoswa anayang'ana manja ake akuda ndi girisi. Atalankhula, mawu ake anali otsika, mwina kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri.

"Mukuyesa sindinkadziwa zimenezo, amake Vimbai? Ndinkadziwa bwinobwino. Ndinangotopa kukhala pakhonde ndikuonerera inu mukundidyetsa."

Apa Malita anazindikira kuti mwamuna wake sankayembekeza kubwerako ku migodi ija. Anafuna kumukalipira, anafunanso kulira, koma mphamvu ya zonsezo analibe. Anangogwira mkono wa malaya ake, ndipo sanausiye mpaka lole inaima ku Chegutu.