Limu Lopindika la Njinga ya a Dan

Margret anali atagwada pabwalo kuyambira m'mawa, njinga ataigoneka chagada. Limu la kumbuyo linapindika dzana lake pamene anagwera m'dzenje pochokera kuchigayo, ndipo tsopano likamazungulira linkadzandira ngati chidakwa. Akamanga sipoko iyi ndi pulayala, limu linkathawira uko. Akamanga ya uko, linkabwerera kuno. Anadzuka, anakamwa madzi, anagwadanso, anadzukanso. Mtima sunali m'malo.

Njingayo inali ya mwamuna wake Dan, amene anapita ku Joni kukafuna ntchito. Wodziwa kuwongola limu pa msika wa Nkando analipo, koma anali Lyson, yemwe anamufunsirapo Margret asanakwatiwe. Ndiye anthu a pamsika paja mumawadziwa. Mkazi wa mwini akangoima pa mtengo pamene Lyson amakonzera njinga, nkhani imafika ku Joni iye asanafike pakhomo. Margret ankaopa zimenezo kuposa kuyenda wapansi, chifukwa banja lake analikonda, ngakhale foni ya Dan inali itayamba kulira mwa apo ndi apo.

Anamanganso, mwaukali tsopano. Sipoko inaduka ndi kumucheka chala. Ina inatsatira. Anaponya pulayala kutali, nkhuku n'kubalalika, kenako anakaitola yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anamanga chala ndi kansalu n'kuyamba kukankha njinga, tayala likukhula foloko njira yonse.

Pa Nkando anaima patali, maso pansi, kuti aliyense aone kuti wabwerera njinga basi.

"Mwaswera bwanji amake Pemphero?" anatero Lyson. Anazungulitsa limu n'kupukusa mutu. "Aa, wapanga izi ndani? Masipoko onse aphedwa."

"Ndine. Mungondiwongolera, achimwene, ndizipita. Sindikhalitsa."

"Ayi, lero sizitheka, lifunika kumasula lonse. Koma musavutike n'kubweranso. Eni ake akuti adzaitenga Loweruka."

"Eni ake ati?"

Lyson anasiya limu likuzungulira lokha. Anayang'ana sipanala, anayang'ana msewu, ngati minibasi ingamupulumutse.

"Ndimayesa mwaibweretsa chifukwa cha uthenga uja. A Dan anandiimbira, akuti mukabwera nayo ndiikonze bwinobwino, ndiike keliyala yatsopano ya siponji. Akuti mayi aja azipitira kusikelo."

"Mayi ati, a Lyson? Nenani."

"Akazi awo a ku Luchenza. Ndi oyembekezera." Lyson anaimitsa limu ndi dzanja. "Pepani. Ine ndimayesa munauzidwa."

Azimayi ogulitsa nanazi tsidya la msewu anali atasiya kale malonda, makosi atasolola. Margret anawaona onse. Kenako anakhala pa benchi la Lyson, pafupi ndi Lyson mwini wake, msika wonse ukupenya. Amene akufuna kuimba ku Joni aimbe.